Mpando wozungulira, nati za tayala ndi mpikisano wa pa thabwa: zokambirana pa gulu la akumudzi ku Harare

Tadala (18:42): Mwaswera bwanji nonse. Pepani ndikubweretsa za sukulu pa gulu la akuluakulu, koma mayeso a fizikisi ayandikira ndipo funso ili landimanga. Munthu wakhala pa mpando wozungulira, manja watambasula, dzanja lililonse lagwira chitsulo. Moment of inertia yake yonse (I, muyeso wa mmene chinthu chimavutira kuchizunguza) ndi 6 kg m², akuzungulira pa liwiro (ω) la 3 rad/s. Kenako wapinda manja, zitsulo zija zabwera pachifuwa, moment of inertia yatsika kufika pa 2 kg m². Akufuna liwiro latsopano. Ine ndikupeza 5.2 rad/s, kumapeto kwa buku alemba 9. Wosokonekera ndani, ine kapena buku?

Yohane Admin (18:47): Gulu lino tinatsegulira zamaliro ndi msonkhano wa pamwezi, koma mwana wa sukulu sabwezedwa pakhomo. Muthandizeni. Bola musaiwale kuti zopereka za mwezi uno tikutseka Loweruka.

Chikondi (18:51): Tadala, taonetsa mmene wawerengera.

Tadala (18:54): Ndati palibe amene wamukankha, ndiye energy ikhale yomweyo. Poyamba ½ × 6 × 3² = 27 J. Pambuyo pake ½ × 2 × ω² = 27, ndiye ω² ndi 27, ω ndi 5.2.

Chikondi (18:56): Buku lili bwinobwino. Chosasintha pamenepa ndi angular momentum, kuchuluka kwa kuzungulira kumene chinthu chili nako, L = Iω. 6 × 3 = 18. Gawa 18 ndi 2, upeza 9. Nkhani yatha.

Tadala (19:01): Sinathe achimwene. Ngati liwiro ndi 9, kinetic energy ikhala ½ × 2 × 81, yomwe ndi 81 J. Poyamba inali 27 J. Nanga 54 J yapamwambayi yachokera kuti? Kusukulu kwathu ku Mount Pleasant kuno atiuza kuyambira sabata yoyamba kuti energy simera yokha ngati bowa.

Chikondi (19:03): Iwe ungogwiritsa ntchito L. Pa mafunso a mpando wozungulira onse ndi choncho.

Mayi Nyirenda (19:15): Chikondi, usamuthamangitse mwanayu. Funso lake likulemera kuposa yankho lako. Ana ambiri amene ndinawaphunzitsa ankaloweza kuti pa mpando ndi L, pa chitunda ndi energy, osadziwa chifukwa chake, ndipo funso likangosintha malaya pang'ono ankagwa nalo.

Tadala mwanangu, 54 J ija yachokera m'mikono ya munthuyo. Chitsulo chimene chikuyenda mozungulira sichifuna kukhota, chimafuna kupitirira molunjika. Ngakhale asanapinde manja, munthuyo akuchikoka kale kuti chisathawe. Kuti achibweretse pachifuwa ayenera kukoka kwambiri kuposa pamenepo, ndipo akukoka chinthu chimene chikusuntha mtunda wa theka la mita kapena kuposerapo kulowera komwe akukokerako. Force kuchulukitsa ndi mtunda ndi work. Minofu yagwira ntchito ya 54 J, ntchitoyo yasanduka kinetic energy. Lamulo la energy silinaphwanyidwe, kungoti iwe unawerenga energy ya kuzungulira yokha, ya m'thupi unaisiya panja.

Tadala (19:20): Ndiye akatambasulanso manja, aphunzitsi?

Mayi Nyirenda (19:24): Abwerera pa 3 rad/s, kinetic energy ibwerera pa 27 J. Ulendo uno zitsulo ndi zimene zikukoka manja, iye akungoziletsa kuti zisamuzule mapewa. 54 J ija ithera m'minofu ngati kutentha. Siibwerera kukhala nsima imene anadya masana. Ngati kwanu kuli mpando wa mu ofesi uja wozungulira, tenga mabotolo awiri a madzi a malita 2 uyese. Udzamva wekha kuti kupinda manja kukulemera kuposa mmene kumakhalira utangokhala phee.

Chikondi (19:27): Komanso chifukwa chimene L sikusinthira ndi chophweka. Force ya manja ikuloza pakati, pa axis penipeni, mzere umene akuzungulirapo, ndiye torque yake, mphamvu yozunguza, ndi zero.

Mayi Nyirenda (19:36): Wanena theka, mwana wanga. Tayankha ichi. Thupi la munthuyo, chifuwa, miyendo, ndi mpando womwe, zinali pa 3 rad/s ndipo tsopano zili pa 9. Moment of inertia ya zimenezi sinasinthe, poti chifuwa sichinapindike. Ndiye angular momentum ya thupi lokha yakwera katatu. Chaizunguza ndi chiyani ngati force yonse ikuloza pakati?

Chikondi (19:41): Mayi, pa mayeso a chaka choyamba safunsa mpaka pamenepo.

Mayi Nyirenda (19:49): Safunsa, koma ukadziwa zimenezi sufunikanso kuloweza. Chitsulo chikakhala kutali ndi axis chimathamanga kwambiri, chifukwa v = ωr. Chikamalowa mkati chimabwera ndi liwiro lake lija, loposa limene malo amkatiwo akuyendera, ndiye chimafuna kutsogola. Dzanja limachigwira, icho chimakankha dzanja cham'mbali kulowera komwe akuzungulirako. Kukankha kumeneko ndi torque pa thupi. Dzanja nalo likubweza chitsulo ndi torque yofanana koma yoloza kwina. Angular momentum imene zitsulo zataya, thupi latola. Ukaphatikiza zonse upeza 18 yomwe ija.

Ndiye chifukwa chenicheni ndi ichi: kunja kwa munthu, zitsulo ndi mpando kulibe chimene chikupereka torque pa axis imeneyo. Kulemera kwake kukuloza pansi, mofanana ndi axis, mpando wakhala pa belingi yoterera, pansi palibe pogwira. Zokankhana zam'kati zimafafanizana ziwiriziwiri.

Tadala (19:53): Apa ndiye kwacha. Zikomo aphunzitsi.

Malume Mbewe (20:10): Ndangolowa kumene kuchokera ku Magaba, ndapeza mauthenga ambirimbiri ndimayesa kwagwa zovuta. Za mpandozo ine sindilowamo, koma torque ndimadya nayo tsiku lililonse. Lero lomwe kunabwera mnyamata wa mushikashika, matakisi aja osaloledwa, ndi Honda Fit yake, masitadi awiri a tayala lakutsogolo oduka. Ndikumufunsa, akuti pomanga nati anaika paipi ku sipanala n'kukwerapo ndi miyendo yonse kuti tayala lisaguluke pa msewu. Buku la galimoto imeneyi limati nati ya tayala imangidwe pa 108 N m. Pa torque wrench ukafika pamenepo imalira kuti kha, iwe n'kusiya. Tadala, tandiwerengera, munthu wa makilogalamu 70 ataima kumapeto kwa paipi ya mita imodzi, nati ikumva zingati?

Tadala (20:14): Malume, kulemera kwake ndi 70 × 9.8 = 686 N. Paipi ikakhala yogona, torque ndi 686 × 1, ndiye 686 N m. Kuposa kasanu ndi kamodzi zimene bukulo likufuna.

Malume Mbewe (20:17): Ndiye mwamva. Sitadi ija imayamba yatamuka, ulusi wake n'kuphwanyika, tsiku lina pa bampu n'kuthyoka. Paipi ndi yomasulira nati yadzimbiri, osati yomangira.

Limbani (20:22): Malume musatinyoze ife a pa msewu. Tayala likaphulika pa Seke Road usiku, torque wrench uitenga kuti? Umamanga ndi chimene uli nacho.

Malume Mbewe (20:25): Sipanala ya mawilo imene imabwera ndi galimoto anaifupikitsa dala, Limbani. Manga ndi manja, ukafika m'tauni upite akakuyezere.

Chikondi (20:29): Manambala akugwirizana ndi malume. Sipanala ya masentimita 30 ikufuna 108 ÷ 0.3 = 360 N, ngati kunyamula makilogalamu 37. Mwamuna wamkulu amakwanitsa ndi manja. Ukaika paipi ya mita imodzi, 108 N yokha yakwana, makilogalamu 11 basi. Vuto ndi loti dzanja silidziwa kuti paipi yatalika, limakankha mmene linazolowerera.

Tadala (20:33): Nanga mu fomula muja τ = rF sin θ, sin θ ikugwira ntchito yanji pa sipanala?

Malume Mbewe (20:38): Za sin sindikuzidziwa, koma ndikuuze zimene ndimauza anyamata anga. Ukafuna kupondera sipanala, igoneke. Ikapendekera pansi, mphamvu yako ina ikungothera kukoka sipanalayo m'litali mwake. Ikaloza pansi penipeni, ngakhale ulendewerepo tsiku lonse nati sitembenuka.

Mayi Nyirenda (20:42): Sin θ ndi imeneyo, achimwene aifotokoza kale. Yogona, force ndi mkono wa sipanala zapanga madigiri 90, sin ndi 1. Ikapendekera mpaka pakati pa ziwirizi patsale madigiri 30, sin ndi 0.5, torque yatsika ndi theka. Ikaloza pansi, sin ndi 0.

Tadala (20:47): Chinanso chimene chimandisokoneza. Torque ndi newton kuchulukitsa mita. Work nayonso ndi newton kuchulukitsa mita. Bwanji torque sitiilemba mu ma joule?

Chikondi (20:55): Chifukwa mita ziwirizo ndi zosiyana. Mu work, mita ndi mtunda umene chinthu chayenda kutsata force. Mu torque, mita ndi kutalika kwa mkono, ndipo ili chopingasa ndi force. Malume akhoza kukanikiza 300 N m pa nati yadzimbiri thukuta kamukamu, nati osasuntha, work pa natiyo ndi zero koma torque ilipo. Ikayamba kutembenuka m'pamene work imabwera: W = τθ, θ mu ma radian. Kuzungulira kamodzi pa 108 N m ndi 108 × 6.28, pafupifupi 680 J.

Ukagawa mbali zonse ndi nthawi upeza P = τω, fomula imene timagwiritsa ntchito pa mamota kuntchito kwathu ku Msasa. Tenga mayunitsi a pa siteshoni yopanga magetsi ya ku Hwange, 7 ndi 8, amene anayamba mu 2023, iliyonse 300 MW. Magetsi athu ndi a 50 Hz, ndiye jenereta ya ma pole awiri imazungulira ka 3000 pa mphindi, ω ndi 314 rad/s. Torque pa shafti ndi 300,000,000 ÷ 314, pafupifupi 955,000 N m.

Limbani (20:58): Manambala onsewo koma kuno ku Mufakose ndikulemba ndi kandulo.

Yohane Admin (20:59): Limbani, za magetsi zili ndi gulu lake.

Malume Mbewe (21:08): Ine ndifunseko aphunzitsi. Injini zakale za dizilo za silinda imodzi, zija za pa chigayo ndi pa mpope, zimakhala ndi flywheel yaikulu. Ukaiyang'ana, chitsulo chochindikala chili m'mphepete, pakati pali timikono chabe kapena mbale yopyapyala. Ndinkati akupulumutsa chitsulo. Ndi zomwezi za mpandozi?

Mayi Nyirenda (21:17): Ndi zomwezo achimwene, ndipo akupulumutsadi chitsulo. Moment of inertia siwerenga kulemera kokha, imawerenga komwe kulemerako kwakhala. Kachidutswa kalikonse kamathandizira mr², ndipo r ali ndi square. Kilogalamu imodzi ukaisunthira kutali kawiri, ikugwira ntchito ya makilogalamu anayi. Injini ya four stroke ya silinda imodzi imaphulitsa kamodzi pa kuzungulira kuwiri kulikonse. Flywheel imalandira energy pa kuphulikako n'kumaibweza pang'onopang'ono kuti pisitoni idutse ma stroke atatu otsalawo. Amene anaiika nkhaniyi m'masamu bwinobwino ndi Leonhard Euler, m'buku lake la 1765 la kayendedwe ka zinthu zolimba.

Tsono ndikupatseni ntchito nonse. Tengani thabwa, mulipendeketse. Pamwamba muikepo zinthu zitatu: kampira kachitsulo ka mu belingi, chidutswa cha shafti chosaboola, ndi chidutswa cha paipi yopyapyala. Muzisiye nthawi imodzi zigubuduke. Chiyambe kufika pansi ndi chiti?

Limbani (21:20): Shafti, poti ndi yolemera. Kombi yodzaza imatsika chitunda mwaukali kuposa yopanda anthu, izi ndiye musandiphunzitse.

Yohane Admin (21:22): Ine ndinamva kusukulu kuti Galileo anati zonse zimagwa mofanana. Zifika limodzi.

Malume Mbewe (21:24): Ine ndikuti paipi, ndi yopepuka, ilibe katundu. Limbani, tibetcherane botolo la Mazoe. Zonsezi zilipo ku shedi, mawa m'mawa ndiyesa.

Mayi Nyirenda (21:26): Chikondi ukhale chete. Tadala, werengera usanagone, utiuze malume ako asanayese.

Tadala (22:40): Ndayesa. Pano palibe minofu, ndiye energy ndi imene ikugwira: mgh = ½mv² + ½Iω², ndipo ω = v/r ngati sichikuterereka. Kwa shafti I = ½mr², kwa paipi yopyapyala I = mr², kwa mpira I = ⅖mr². Chodabwitsa n'choti m ndi r zonse zikufafanizika, kulemera ndi kukula sizikuwerengedwa. Chotsala ndi gawo la energy limene likupita ku kuzungulira m'malo mopita ku kuthamanga. Paipi ikutaya theka, shafti gawo limodzi mwa atatu, mpira magawo 2 mwa 7. Ndiye woyamba mpira, kenako shafti, paipi kumapeto. Ngati thabwa ndi la mamita 2, mpira ukamafika pansi shafti ikhala itatsalira masentimita 13, paipi masentimita 60.

Limbani (22:44): Tiona mawa. Pepala silinayendepo pa msewu.

Malume Mbewe (09:35): Mwadzuka bwanji. Lipoti lochokera ku Magaba. Thabwa la mamita 2 silinapezeke losalala, ndiye tagwiritsa ntchito chitseko chakale chachitsulo, mbali imodzi taikweza pa njerwa. Kampira tachotsa mu belingi ya lole, shafti ndi chidutswa cha hafu shafti chimene ndinadula ndi grinder, paipi ndi ya ekizozi. Poyamba tinkasiya ndi manja, koma aliyense amanamizira mnzake kuti wakankha, ndiye tatchinga zonse ndi rula yachitsulo n'kuinyamula kamodzi. Paipi yatsalira moonekeratu, ngati utali wa mkono, mpaka owotcherera a shedi yoyandikana nayo anasiya ntchito kubwera kudzaiseka. Mpira ndi shafti zimafika ngati limodzi, wina amati uyu wina amati uyo. Mnyamata wanga wajambula ndi foni mochedwetsa muja, m'pamene taona kuti mpira wagunda pansi shafti isanafike, kusiyana ngati chikhatho. Tasintha shafti, taika ina yonenepa kwambiri yolemera mwina kanayi, yatsalira chimodzimodzi.

Limbani, palibe wapambana, koma Mazoe ugule ndiwe, apite kwa Tadala.

Limbani (09:48): Chabwino ndigula. Koma za kombi yodzaza sindikubweza. Ndimaziona ndekha.

Chikondi (09:57): Usabweze, uli ndi mfundo. Kusiyana kwake ndi mphepo. Kombi yodzaza ndi yopanda anthu zimakankhana ndi mphepo yofanana, koma yodzazayo ikukokedwa ndi kulemera kwakukulu, ndiye mphepo imaibweza pang'ono. Pa chitseko cha malume liwiro ndi lochepa, zitsulo ndi zolemera, mphepo ilibe mawu. A Yohane nawonso sananame kwenikweni, zikanakhala kuti zikutsetsereka popanda friction zikanafika limodzi. Kugubuduka ndi kumene kwabweretsa kusiyana.

Tadala (10:04): Pamenepo pali chimene sindikumvetsa. Kuti chigubuduke pakufunika friction. Nanga bwanji ndagwiritsa ntchito energy ngati kuti friction sikudya kanthu, yankho n'kukhala lolondola?

Mayi Nyirenda (10:16): Chifukwa kadontho ka shafti kamene kakukhudza chitseko pa nthawi imeneyo kaima. Sikakukhula pansi. Pakati pa shafti pakuyenda pa v, pamwamba pake pa 2v, pansi pake pa zero. Friction imadya energy pamene zinthu ziwiri zikukhulana. Pano ntchito yake ndi kupereka torque imene ikuzunguza shafti, kutenga energy ina ya kutsika n'kuipatsa kuzungulira. Achimwene atakweza chitseko chija kwambiri, kapena atathirapo oyilo, zitsulo ziyamba kuterereka, ndipo masamu ako a usiku aja sagwiranso.

Agogo aNaphiri (11:02): Ana inu mwadzaza foni yanga. Mdzukulu wandiwerengera zonse. Ine ndifunse changa. Kwathu ku Dedza anyamata ankasema nguli n'kumaikwapula ndi kachingwe pabwalo. Ikamazungulira imaima pa kansonga kake, ngakhale ipendekeke siigwa, imangoyenda mutu uku ndi uku. Ikaleka kuzungulira, pompo yagona. Chimaigwira ndi chiyani?

Mayi Nyirenda (11:21): Mwadzuka bwanji amayi. Funso lanu ndi limene limavuta kwambiri pa mutu wonsewu, ndiyesa. Angular momentum ili ndi kukula komanso ili ndi kumene yaloza, ndipo pa nguli yaloza motsata msana wake, kuchokera ku nsonga kupita kumutu kapena mobwerera, malinga ndi mbali imene ikuzungulirira. Nguli ikapendekeka, kulemera kwake kukuikokera pansi pamene nsonga yatsamira pa dothi, ndiye pali torque. Torque imeneyi siloza pansi, yaloza cham'mbali, chopingasa ndi msana wa nguli. Ntchito ya torque ndi kusintha angular momentum kulowera kumene iyo yaloza. Nguli yosazungulira ilibe angular momentum yoyambira, ndiye zonse zimene torque yapereka zimakhala kugwa. Yozungulira mwamphamvu ili nayo kale yambiri, ndiye kachidutswa kamene torque ikuwonjezera cham'mbali kamangokhotetsa msana uja pang'ono. Msana ukakhota, torque nayo yakhota, n'kumangothamangitsana choncho. Mutu wa nguli umajambula bwalo m'malo mogwa. M'mabuku amati precession.

Tadala, fomula ya liwiro la kuyendayenda kwa mutuko ndi Ω = mgr ÷ Iω. Taona ω ali pansi. Nguli ikamatopa, ω akuchepa, kuyendayenda kwa mutu kuja kukufulumira. N'chifukwa chake imadzandira kwambiri ikatsala pang'ono kugwa, ndipo mnyamata amaikwapulanso nthawi yomweyo kuti aibwezere ω.

Agogo aNaphiri (11:30): Zapakatizo zandidutsa, koma za kudzandira ndi zoona, ndinkaziona.

Chikondi (11:38): Dziko lathuli nalonso limachita zomwezo. Ndi lotupa pang'ono pa equator, lapendekeka madigiri 23.4, ndiye dzuwa ndi mwezi zimalipatsa torque. Axis yake imamaliza bwalo limodzi pa zaka pafupifupi 26,000. Ndipo chida chokhala ndi gudumu lozungulira ngati nguli, chotchedwa gyroscope, dzinalo anachipatsa ndi Léon Foucault mu 1852, pofuna kuonetsa kuti dziko limazungulira.

Limbani (11:43): Ndiye n'chifukwa chake njinga ikamathamanga siigwa eti? Matayala asanduka nguli.

Mayi Nyirenda (11:55): Anthu ambiri amatero, mabuku ena amateronso, koma ndi gawo laling'ono la nkhani. Matayala a njinga yakapalasa ndi opepuka poyerekeza ndi munthu wakwerapo. Mu 2011 akatswiri a ku Delft ndi ku Cornell anapanga kanjinga kokhala ndi timagudumu tina tozungulira chobwerera kuti angular momentum ifafanizike, ndipo kanayendabe kokha osagwa. Chachikulu ndi chakuti njinga ikapendekera kumanzere, chiwongolero chimakhotera kumanzere komweko, matayala n'kubwereranso pansi pa kulemera kwake. Ukamanga chiwongolero kuti chisakhote, igwa ngakhale ithamange bwanji.

Tadala (12:20): Aphunzitsi, ndapeza funso lina m'mapepala akale. Ana awiri akhala m'mphepete mwa chozungulira cha pa bwalo la masewero, wina akuyenda kupita pakati. Ndagwiritsa ntchito L, osati energy, chifukwa miyendo yake ikugwira ntchito ndipo kunja kulibe torque. Koma gawo lachiwiri akuti mwanayo wangodzisiya n'kugwera panja ali m'mphepete. Liwiro la chozungulira lisintha?

Chikondi (12:26): Moment of inertia yachepa, ndiye lifulumira.

Tadala (12:33): Ine ndikuona ngati ayi, achimwene. Mwanayo sanasiye angular momentum yake pa chozunguliracho, wapita nayo, poti akuchoka ndi liwiro lomwe anali nalo. I yachepa, L yotsala yachepanso mofanana, ω ikhala yomweyo. Pokhapokha atadumpha modzikankha chakutsogolo kapena chakumbuyo.

Mayi Nyirenda (12:37): Tadala walondola. Chikondi, Mazoe wachiwiri ndi wako.

Chikondi (12:39): Ana a masiku ano alibe ulemu. Ndigula.

Mayi a Tadala (13:05): Ine ndakhala ndikungowerenga. Aphunzitsi, pali chimene ndimachita kukhitchini koma chifukwa chake sindichidziwa. Mazira ophika akasakanikirana ndi aawisi, ndimawazunguza pa tebulo. Lophika limazungulira msanga bwinobwino, laliwisi limachita ulesi n'kumagwedezeka. Zikukhudzana ndi zanuzi?

Mayi Nyirenda (13:18): Kwambiri, achemwali. Lophika ndi chinthu chimodzi cholimba, zala zanu zikapereka torque lonse limamvera nthawi imodzi. Laliwisi mwazunguza chikhokhombe chokha, zam'kati zatsalira ndipo zikuchibweza. Yesaninso ichi: lizunguzeni laliwisilo mpaka ligwire liwiro, muligwire ndi chala kamphindi kochepa kwambiri, n'kulisiya. Liyambanso kuyenda lokha, chifukwa zam'kati zinali zisanaime, zikubwezera chikhokhombe angular momentum imene zinasunga. Lophika mukaligwira laima basi.

Tadala, nali funso lako la madzulo. Dzira lophika ndi laliwisi, onse pa chitseko cha malume ako, liyambe kufika pansi ndi liti? Uwerengere kaye.

Mayi a Tadala (13:22): Awerengere papepala pomwepo. Mazira anga sapita ku Magaba.

Malume Mbewe (13:26): Mlongo, ndiika chiguduli pansi. Tadala, ubwere nawo awiri Loweruka tikamapita kokapereka za gulu, uyambe wadzera ku shedi.